Java ikakana satifiketi, musathawire pa 389

Anzanga a IT, nkhani iyi ndailankhula mpaka pakamwa kuuma. Mukulumikiza Spring Security, chida cha Java choyang'anira kulowa mu pulogalamu, ku Active Directory, kaundula wa maakaunti a pakampani, kuti antchito azilowa ndi pasiwedi yawo ya masiku onse. Mwalemba ldaps:// ndi poti 636, njira yobisa uthenga ya LDAP (chilankhulo chofunsira kaundulayo), koma Java yakana, yati PKIX path building failed. Poti abwana akufuna ziyambe lero lomwe, mwafufuta ka s kaja, mwaika 389, zatheka, mwaweruka.

Sizinatheke ayi. Simple bind (kulowa ndi dzina ndi pasiwedi) ya pa 389 yopanda StartTLS yobisa uthenga imatumiza pasiwedi poyera. Uthenga wa PKIX uja ukungonena kuti Java siikumudziwa amene anasaina satifiketi ya domain controller, seva ya Active Directory. Tengani satifiketi ya CA ya pakampani panu (wosaina masatifiketi uja), ilowetseni mu truststore (mndandanda wa masatifiketi amene Java imawakhulupirira) ndi chida cha keytool, basi.

Chimene chimandiwawabe mpaka pano chinachitika pa kampani ina yomwe inandiitana pa vuto linanso. Ndinatsegula Wireshark, pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki, pa seva, ndipo mayi wina wa ku malipiro, ali chiimire kumbuyo kwanga, anayesa kulowa pa laputopu yawo. Pasiwedi yonse inatulukira pa sikirini yanga: dzina la mwana wawo ndi chaka chimene anabadwa. Mayiwo anangogwira pakamwa. Pasiwedi yomweyo ndi imene inkatsegula imelo yawo ndi mafoda a malipiro. Mnyamata waganyu amene anakonza zimenezi anaikanso akaunti ya Domain Admin, yokhala ndi mphamvu zonse, mu application.properties kuti pulogalamu izifufuzira mayina, fayiloyo n'kuikankhira pa Git, posungira khodi. Akaunti yongofufuza mayina imafunika mphamvu yowerenga yokha. Ena pakampanipo ankadziwa, koma kwa miyezi ankangoti tikonza mawa.

Chenjeraninso ndi akatswiri a m'kamwa amene amakupatsani TrustManager (gawo la Java loyesa masatifiketi) yovomera satifiketi iliyonse. Pamenepo muli pa 636 ndithu, koma aliyense wodzitcha domain controller alandira mapasiwedi anu.

Ndipo musanapereke ntchitoyo, yesani kulowa ndi dzina lenileni koma pasiwedi osalemba kanthu. Mu LDAP, bind yotere ikhoza kuyankha kuti zayenda, pulogalamu n'kumutsegulira munthuyo. Spring Security yeniyeniyo inapezeka ndi bowo limeneli mu 2014, lolembedwa ndi nambala ya CVE-2014-0097, ndipo ndimakumanabe ndi mapulogalamu akale amene sanasinthidwe. Error code 49, yokana kulowa, ikabwera, werengani nambala yotsatira mawu akuti data: 52e ndiye kuti dzina kapena pasiwedi yalakwika, 532 pasiwedi yatha nthawi, 775 akaunti yakhomedwa.