Zaluso sizongotayitsa nthawi kwa anthu aulumali ndi odwala matenda a maganizo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva mawu omwewa mpaka ndatopa nawo. Akuti magulu oimba, ovina, ojambula kapena ochita zisudzo a anthu aulumali ndi odwala matenda a maganizo amangowatayitsa nthawi, ndipo phindu lake palibe angaliyeze.

Si zoona. Kusungulumwa kumakulitsa matenda a nkhawa, ndipo gulu lokumana sabata iliyonse limatulutsa munthu m'nyumba, n'kumupatsa anzake komanso ntchito yoti ena amuyamikire. Ena amene anadwala sitiroko n'kusiya kulankhula amatha kutulutsa mawu poimba. Okalamba odwala matenda oiwalaiwala nthawi zambiri amakumbukirabe nyimbo za paubwana wawo. Komatu zaluso sizilowa m'malo mwa mankhwala kapena uphungu wa kuchipatala, ndipo si aliyense amene zimamuthandiza.

Phindulo limayezeka. Ofufuza amafunsa anthu mafunso ofanana asanalowe m'gulu komanso patapita miyezi: akugona bwanji, akucheza ndi angati, akudziona bwanji. Kafukufuku wabwino amawayerekezanso ndi anzawo amene sanalowe m'gululo.

Inunso mungathe kufufuza. Mukamva kuti gulu lina lathandiza kapena lalephera, funsani kuti ofufuza anafunsa anthu angati, kwa nthawi yaitali bwanji, nanga amene anasiyira panjira anawerengedwa? Chachikulu kwa ine n'chakuti eniakewo analankhula okha kapena wina anawalankhulira. Ngati mayankho a mafunsowa palibe, chonde musatumize uthengawo kwa ena.