Mtengo wa kwa dokotala wa mano umachokera kuti?

Munthu akaimba foni kuchipatala cha mano n'kufunsa kuti, "Kumata dzino ndi ndalama zingati?" kawirikawiri amauzidwa kuti abwere kaye, adokotala adzalione dzinolo. Ambiri yankho limeneli siliwasangalatsa. Amaganiza kuti tikubisa mtengo dala n'cholinga choti tidzawapane atakhala kale pampando, kukamwa kuli yasa. Ndimawamvetsa, pakuti palibe amene amafuna kulowa m'ngongole asakudziwa kukula kwake. Komabe ineyo monga dokotala wa mano ndinene kuti mtengo wotchulidwa dzino lisanaonedwe ndi wongoganizira, chifukwa mawu akuti "kumata" amaimira ntchito zingapo zosiyana kukula.

Dzino lakumbuyo lili ndi mbali zisanu: pamwamba potafunira, mbali yakutsaya, mbali yakulilime, ndi mbali ziwiri zimene limagundana ndi mano anzake. Chibowo chikakhala pamwamba pokha ntchito yake ndi yaifupi. Chikakhala pakati pa mano awiri ndiye kuti khoma la dzino lagumuka ndipo liyenera kumangidwanso. Timazunguliza dzinolo ndi kalamba kachitsulo kopyapyala, timalowetsa kamtengo kosongoka pakati pa manowo kuti chomatira chisatayikire pankhama, kenako timaumba pang'onopang'ono mpaka dzino ligundanenso bwino ndi linzake, zakudya zisamatsakamirepo. Ku United States, pamndandanda wa ntchito za mano umene bungwe la American Dental Association limasunga, kumata mbali imodzi, mbali ziwiri ndi mbali zitatu kuli ndi manambala osiyana, ndipo bilu imatsatira manambalawo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Gawo lalikulu la ndalama zimene mumalipira ndi la nthawi imene mwakhala pampando. Chipatala chilichonse chimene chimadzidalira chimawerengera kuti ola limodzi limadya zingati: lendi ya nyumba, magetsi, madzi, malipiro a wothandiza dokotala ndi wolandira odwala, ngongole ya mpando ndi makina ojambulira X-ray, wokonza makinawo akawonongeka, chiphaso chogwirira ntchito, inshulansi. Zonsezi zimagawidwa pa maola amene pampando pali wodwala. Ndalamazi zimapitabe ngakhale wodwala amene anasungitsa nthawi asabwere, n'chifukwa chake zipatala zina zimalipiritsa amene wajomba osanena. N'chifukwa chakenso madokotala awiri aluso lofanana, wina pakati pa mzinda waukulu pamene lendi ndi yokwera, wina m'tauni yaing'ono, sangatchule mtengo umodzi.

Pali ntchito ina imene simuiona chifukwa imayamba inu mutadzuka. Wothandiza dokotala amataya magolovesi, thonje ndi kapaipi koyamwira malovu. Singano amaiponya m'bokosi lake losabooka. Amapukuta mpando, nyale ndi zogwirira zonse ndi mankhwala. Zitsulo zimene zinalowa m'kamwa mwanu amazitsuka, kuziumitsa, kuzitsekera m'timatumba, n'kuziika m'makina otchedwa autoclave amene amapha tizilombo ndi nthunzi yotentha madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3, kapena madigiri 121 kwa mphindi 15. Kuphatikiza kutenthetsa ndi kuumitsa, zitsulozo zimatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo zisanabwerere m'manja mwa dokotala, choncho chipatala chimayenera kugula zida zambiri zofanana kuti odwala asamadikire. Zonsezi n'zoteteza kuti matenda oyenda m'magazi, monga HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, asachoke kwa wodwala wina kupita kwa inu. Pa zonse zimene zili mubilu, iyi ndi mbali imene sindingalole kuti wina aichepetse pofuna kutsitsa mtengo. Mtengo ukatsika modabwitsa, funsani mmene amayeretsera zida zawo. Chipatala chabwino sichikwiya ndi funso limeneli.

Anthu ambiri amaganiza kuti chomatira choyera chimakwera mtengo chifukwa cha kukongola. Kukongola kulipo ndithu, koma chachikulu ndi nthawinso. Chomatira chotuwa ngati siliva, amalgam, chimapirira ngakhale pali kachinyezi pang'ono, ndipo chimatsenderedwa m'chibowo mofulumira. Choyeracho, composite, n'chovuta kuchisamala. Dzino liyenera kukhala louma gwa, lipakidwe mankhwala okonzera pamwamba pake ndi guluu wake, chomatira chiikidwe pang'onopang'ono, ndipo gawo lililonse liumitsidwe ndi nyale yabuluu. Dontho limodzi la malovu likhoza kuwononga ntchito yonse. Amalgam akuchepa padziko lapansi chifukwa pafupifupi theka lake ndi mercury, chitsulo chapoizoni. Pangano la Minamata la mu 2013, lokhudza kuchepetsa mercury padziko, linalimbikitsa mayiko kuti achepetse kumugwiritsa ntchito, ndipo mayiko a mu European Union anamuletsa kuyambira mu Januwale 2025, kupatula pamene dokotala waona kuti wodwala akufunikiradi. Kumene amalgam wachoka, kumata kotsika mtengo kwambiri kwachoka naye.

Koma chimene chimasintha bilu kuposa china chilichonse ndi pamene matenda afika. Kunja kwa dzino kuli chikamba cholimba chopanda mitsempha, ndipo chikamayamba kubooka simumva kanthu. Pansi pake pali gawo lofewerapo, limene limachititsa kuti dzino lizinyerenyetsa mukamwa zozizira. Pakati penipeni pali mitsempha ndi timisempha ta magazi. Chibowo chikadali m'magawo awiri oyambawo, kumata kumakwana, ulendo umodzi basi. Chikafika pamtsempha, munthu osagona usiku, mwina tsaya litatupa ndi mafinya, kumata sikuthandizanso. Patsala njira ziwiri, kuzula dzino kapena kuyeretsa mkati mwa mizu yake, ntchito imene timaitchula kuti root canal.

Mtengo wa root canal nawo umasiyana malinga ndi dzino. Dzino lakutsogolo nthawi zambiri lili ndi kanjira kamodzi kowongoka, kosavuta kukafika. Lakumbuyo limakhala ndi tinjira titatu kapena tinayi, tina topindika, tina topyapyala ngati tsitsi, ndipo dokotala amatifunafuna akuyang'ana pakagalasi kumapeto kwa kamwa. Pa dzino loyamba lotafunira la m'mwamba kanjira kachinayi kamakonda kubisala, ndipo kakaphonyedwa dzino likhoza kudzayambanso kupweteka patapita miyezi. Kanjira kalikonse kayenera kuyezedwa kutalika, kukulitsidwa ndi timafelo tating'onoting'ono, kutsukidwa ndi mankhwala, ndi kutsekedwa. Pamafunika zithunzi za X-ray zingapo, ndipo nthawi zina maulendo awiri kapena kuposa. Ikatha ntchitoyi, dzino lakumbuyo limakhala losachedwa kusweka, ndiye timalangiza kuliveka chipewa cholimba, crown. Chipewacho kawirikawiri amachipanga ndi katswiri wina ku labotale, amene nayenso amalipidwa, ndipo mtengo wake umadalira ngati ndi chachitsulo, cha porcelain kapena cha zirconia. Kachibowo kamene kakanatha ndi ulendo umodzi kabala mabilu awiri akuluakulu. Zimandiwawa ndikaona zotere, makamaka podziwa kuti ambiri anachedwa chifukwa choopa mtengo womwewo.

Kuzula n'kotsika mtengo kuposa kupulumutsa dzino, ndipo sindiweruza munthu amene wasankha kuzula chifukwa thumba silikulola. Nthawi zina kuzula ndiye chithandizo choyenera. Dziwani chabe kuti nakonso sikofanana. Dzino logwedera limatuluka mosavuta. Lothyokera m'nkhama, kapena dzino lomaliza kumera limene lagona chammbali m'fupa, limafuna kucheka nkhama, mwina kusema fupa pang'ono, kulidula dzinolo zidutswa ndi kusoka. Imeneyo ndi opaleshoni, ndipo ikavuta timatumiza kwa katswiri amene anawonjezera zaka zingapo za maphunziro pamwamba pa zaka za udokotala wa mano. Mpata wotsalawo nawo uli ndi mtengo wake mtsogolo: mano oyandikana amapendekera mumpatamo, ndipo kudzatseka kumafuna dzino loikirira lovula, mlatho womangirira ku mano a m'mbali, kapena implant, dzino lomangirira pa chitsulo cholowetsedwa m'fupa.

Pa implant mpamene anthu amasokonezeka kwambiri poyerekeza mitengo. Njirayi inachokera ku ntchito ya Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden, amene anaona kuti fupa limagwirana ndi chitsulo cha titanium, ndipo anaika ma implant mwa wodwala wake woyamba mu 1965. Implant ili ndi zigawo zitatu, chitsulo cholowa m'fupa, cholumikizira, ndi dzino looneka pamwamba. Pakati pa kuika chitsulo ndi kuveka dzino pamadutsa miyezi ingapo kuti fupa ligwire, ndipo fupa likakhala lochepa liyenera kuwonjezeredwa kaye. Chipatala china chimalengeza mtengo wa chitsulo chokha, china chimatchula wa zonse pamodzi. Mtengo woyambawo umaoneka wotchipa mpaka tsiku lodzaveka dzino.

Nanga amaika mitengo ndani? Zimadalira dziko. Kwina dokotala amadziikira yekha. Ku England, odwala a m'chithandizo cha boma cha NHS akhala akulipira m'magulu atatu kuyambira mu 2006, moti womatidwa dzino limodzi ndi womatidwa mano atatu pa chithandizo chimodzi amalipira mofanana. Ku Germany, pa odwala olipira mwapadera, ntchito iliyonse ili ndi mtengo woyambira umene dokotala amachulukitsa malinga ndi kuvuta kwa ntchito ndi nthawi yake. Ntchito yapakatikati amachulukitsa ndi 2.3, ndipo akapitirira pamenepo, mpaka 3.5, ayenera kulemba chifukwa chake pabilu. Ndimaikonda njira imeneyi chifukwa imavomereza poyera kuti pakamwa pa anthu sipafanana. M'zipatala za boma, kumene wodwala amalipira pang'ono kapena salipira n'komwe, ntchito imadyabe ndalama zomwezo, kungoti zimachokera m'misonkho. Lipoti la World Health Organization la mu 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa, koma m'mayiko ambiri chithandizo cha mano sichili m'gulu la zimene boma limalipirira mokwanira. Inshulansi nayo nthawi zambiri imakhala ndi malire a pachaka. N'chifukwa chake bilu ya mano imapweteka kuposa mabilu ena a kuchipatala: yambiri imatuluka m'thumba la wodwala.

Sindikuti mtengo uliwonse ndi wachilungamo. Kukwera mtengo si umboni wa luso, ndipo nyumba yokongola simata dzino. Kumene dokotala amalipidwa pa ntchito iliyonse pali chiyeso chochita zambiri kuposa zofunika. Kumene amalipidwa ndalama yokhazikika pali chiyeso chochita zochepa. Tiyenera kuvomereza kuti ena mwa ife amagwa m'ziyeso zimenezi, ndipo zimachotsa chikhulupiriro pa ntchito yathu tonse.

Chitetezo chanu ndi pepala. Ntchito isanayambe, pemphani kuti akulembereni dzino liti, ntchito yanji, ndi chomatira kapena chipewa chamtundu wanji, ndi mtengo wa chilichonse. Funsani ngati X-ray, jakisoni wa dzanzi, labotale ndi ulendo wodzaonetsanso zili momwemo. Funsaninso kuti, "Adokotala, pa zonsezi chofunika msanga n'chiti, nanga chingadikire n'chiti?" Mano ambiri angathe kukonzedwa motsatizana, kuyambira limene lili pafupi kufika pamtsempha, ndipo zipatala zina zimalola kulipira pang'onopang'ono. Ngati ntchito ndi yaikulu ndipo mtima sukukhazikika, kaonaneni ndi dokotala wina. Tengani pepala lija pamodzi ndi zithunzi zanu za X-ray kuti musalipirenso kujambula, ndipo poyerekeza muone ngati onse awiri akunena za dzino lomwelo ndi ntchito yomweyo musanayang'ane nambala ya m'munsi.