Dokotala akalemba kuti "refractory" m'kabuku kanu

Pali mawu ena amene timalemba m'kabuku ka kuchipatala omwe amaopsa anthu kuposa nthenda yeniyeniyo, ndipo refractory ndi amodzi mwa iwo. Wachibale akapempha mwana wasukulu kuti amumasulire, amauzidwa kuti "osachiritsika", basi banja lonse n'kubwerera kumudzi litataya mtima. Komatu ife tikalemba choncho timangonena kuti nthendayo sikumva mankhwala amene tayesa kufika pano.

Kale mawuwa sankanena za matenda n'komwe. Anachokera ku Chilatini, refractarius, kutanthauza munthu waliuma, ndipo muzu wake ndi refragari, kutsutsa kapena kukana. Analowa m'Chingerezi cha m'ma 1600 ponena za anthu a nkhutukumve. Ku France, mu 1790, boma litalamula ansembe a Katolika kulumbira kuti adzamvera lamulo loika mpingo pansi pa boma, amene anakana ankatchedwa réfractaires, ndipo ambiri anathawa m'dzikomo, ena anaphedwa. Osungunula zitsulo nawo amatchula chimodzimodzi njerwa zomangira ng'anjo zomwe sizigonja pamoto. Madokotala tinangobwereka, n'kuchotsa liumalo pa munthu kuliika pa nthenda.

Kumene mawuwa amamveka kawirikawiri ndi pa khunyu. Mu 2000, Patrick Kwan ndi Martin Brodie anafalitsa zimene anapeza ku Glasgow atatsatira odwala 525. Mwa amene anali asanamwepo mankhwala, 47 pa 100 alionse anasiya kugwa ndi mtundu woyamba, 13 ena ndi wachiwiri, koma kupitirira pamenepo mwayi unkachepa kwambiri. N'chifukwa chake mu 2010 bungwe la International League Against Epilepsy linakhazikitsa kuti khunyu lizitchedwa losamva mankhwala ngati mitundu iwiri yalephera, itasankhidwa moyenera, kuperekedwa pa mlingo wokwanira, komanso kumwedwa monga mwa malangizo.

Pa mfundo zitatu zimenezi m'pamene ine ndimazengereza kulemba mawuwa, chifukwa kuno kwathu sizikwanira kawirikawiri. Mwana anayamba phenobarbital ali ndi zaka 4, lero ali ndi 9, thupi lakula koma mlingo ndi womwe uja. Mayi amadula piritsi pakati chifukwa aphunzitsi akudandaula kuti mwana akumagona m'kalasi, ndipo sanena poopa kukalipiridwa. Mwezi wina mankhwala anatha kuchipatala chaching'ono, mwezi wina mtsinje unadzaza. Mukakhuthula kapepala ka pulasitiki patebulo n'kuwerenga mapiritsi otsala, nthawi zambiri yankho limapezeka pomwepo. Penanso vuto limakhala lathu: carbamazepine amathandiza mitundu ina ya khunyu koma amakulitsa mitundu ina, monga lija loti mwana amangoti duu kwa masekondi ochepa osagwa. Ndiye pali ena amene kugwa kwawo si khunyu konse, ndi kukomoka chifukwa cha mtima kapena nkhawa, ndipo awa ngakhale muwonjezere mapiritsi chotani sipasintha kanthu.

Pa BP nkhani ndi yomweyo. Ikakana kutsika munthu akumwa mitundu itatu, kuphatikizapo okodzetsa aja, timati ikukana mankhwala, ndipo refractory timasungira yomwe yakana isanu. Tisanafike kumeneko timafunsa za mchere, za mowa, komanso za ibuprofen ndi diclofenac amene anthu amagula okha akamva msana, pakuti onsewa amakweza BP.

Zonsezi zikafufuzidwa n'kupezeka kuti khunyulo ndi laliumadi, zomwe zimachitika mwa wodwala khunyu pafupifupi mmodzi pa atatu alionse, wodwala amatumizidwa kuchipatala chachikulu kuti akapimidwe ubongo ndi EEG (makina oyeza kagwiridwe ntchito ka ubongo) kapena sikani. Ena amathandizika pophatikiza mankhwala. Ena, makamaka ana, amathandizika ndi kadyedwe kapadera ka mafuta ambiri ndi zakudya zokhutitsa, monga nsima, zochepa kwambiri, komwe Russell Wilder wa ku Mayo Clinic anayambitsa mu 1921, ndipo ena opaleshoni imathetsa kugwako ngati kukuchokera pamalo amodzi muubongo. Popita kumeneko tengani mapepala onse a mankhwala, ngakhale opanda kanthu, pamodzi ndi kope lolembamo masiku amene wodwalayo anagwa ndi mmene anagwera. Ngati wina anajambula pafoni, musafufute.