Thupi lalikulu pa zaka 15 si luso ayi

Masewero a mpira a achinyamata akangotha, ochemerera amatuluka m'bwalo atagamula kale: wamtali uja amene amakankha anzake ndiye katswiri wa mawa, kamnyamata kaja kalibe tsogolo. Maganizowa ndi akale, koma amasocheretsa.

Anyamata obadwa chaka chimodzi sakula mofanana. Pa zaka 15 wina watha kale msinkhu, mawu akula, pomwe mnzake akadali mwana. Wamkuluyo amalanda mpira ndi phewa, osati ndi nzeru, ndipo anzake akamupeza msinkhu mwayi uja umatha. Ku England, kumene magulu a zaka amayambira pa 1 September, ma academy (sukulu za matimu zophunzitsa ana mpira) amadzaza ndi ana obadwa tsikuli litangodutsa, chifukwa choti amaposa anzawo ndi miyezi ingapo basi.

Jamie Vardy, wosewera mpira wa ku England, anachotsedwa ku timu ya Sheffield Wednesday ali ndi zaka 16, ati ngwamfupi. Mu 2016 anatenga chikho cha Premier League ndi Leicester City.

Choyenera kuyang'ana n'china. Kodi mwanayo amatembenuza mutu kuona kumene kuli anzake mpira usanamufike? Akaulandira umakhala paphazi kapena umathawa? Izi sizioneka m'masewero amodzi, makamaka pabwalo lafumbi pomwe mpira umadumpha mwakufuna kwake.