Khungu likatupa ndi kuyabwa: zomwe zimachitika mkati mwake

Pafupifupi maselo 90 mwa 100 alionse a pamwamba pa khungu ndi otchedwa keratinocyte. Maselowa sangophimba thupi ayi. Munthu akatemeka, akapsa ndi dzuwa kapena tizilombo tikalowa, iwo amatulutsa timapuloteni totchedwa cytokine, tomwe timaitana chitetezo cha m'thupi ngati mmene mlonda amakuwira usiku.

Mwa ma cytokine amenewa, IL-1 ndi TNF zimatambasula timitsempha ta magazi, madzi n'kumadonthera m'minofu. N'chifukwa chake pamalopo pamatentha, kutupa ndi kuwawa. Ina yotchedwa IL-8 imakokera maselo oyera a magazi pabalapo, ndipo ambiri mwa mafinya aja ndi maselo amenewa atafa. Dziwani kuti pakhungu lakuda kufiira sikuonekera kwenikweni: pamangoda kwambiri kapena kutuwa, koma mukakhudza mumva kutentha.

Kutupa kwa masiku ochepa n'kothandiza, ndiko kumayambitsa kupola kwa bala. Vuto limabwera kuitanaku kukapanda kuleka. Pa matenda a psoriasis, cytokine yotchedwa IL-17 yochokera ku maselo a chitetezo imafulumizitsa maselo a khungu, moti ntchito yokula ndi kulowa m'malo mwa akale, yomwe imatenga mwezi wathunthu, amaichita m'masiku ochepa, n'kuunjikana ngati mamba otuwa m'zigongono, m'mawondo ndi m'mutu. Pa eczema khungu limauma n'kuchita timing'alu, ndipo limatulutsa cytokine yotchedwa TSLP yomwe imautsa kuyabwa. Mukakanda mumavulaza maselo ena, nawonso amatulutsa cytokine zina, kuyabwa n'kuwonjezeka. Mwana amatha kudzikanda usiku wonse mpaka kutuluka magazi, osati chifukwa cha kusamva. Matenda awiriwa sapatsirana, choncho musamusale wodwalayo.

Ngati khungu lanu lili ndi vuto lotere, wengani zikhadabo, sambani madzi ofunda osati otentha kwambiri, pewani sopo wonunkhira, ndipo dzolani mafuta opanda fungo mukangotha kusamba. Pakayabwa ikanipo kansalu konyowa kozizira.

Mankhwala odzola monga hydrocortisone ndi betamethasone amachepetsa cytokine ndipo amathandizadi, koma chonde agwiritseni ntchito monga adokotala anenera. Kuwadzola nthawi yaitali, makamaka kumaso, kumapyapyalitsa khungu, ndipo pa zipere amangobisa vuto uku zikufalikira.

Pitani kuchipatala msanga ngati kutupa kukufalikira, pakutuluka mafinya, thupi latentha, kapena kuyabwa kukukulepheretsani kugona.