Turbo pa injini yotchipa: chimene mavidiyo a ku America sakuuzani

Anyamata ambiri amene amafika pagalaja kuno ku Salima masiku ano amabwera foni ili m'manja. Amationetsa mavidiyo a ku America: galimoto yakale yadzimbiri, turbo yaikulu itasuzumira pamwamba pa boneti, kenako utsi wa matayala kuti tolotolo. Funso limakhala lomwelomwelo: "Amakaniko, yangayi kuti ikhale chonchi ndi zingati?" Yakeyo nthawi zambiri imakhala Corolla kapena Probox yochokera ku Japan.

Zimene amaonazo si zabodza. Ku America kuli mtundu wa magalimoto otchedwa muscle car, womwe ambiri amati unayamba ndi Pontiac GTO ya 1964, galimoto yapakatikati yokhala ndi injini yaikulu ya masilinda 8. Lero amene thumba lawo ndi lopepuka amagula injini za General Motors za banja la LS, lomwe linayamba mu 1997, makamaka za malita 4.8 ndi 5.3 zochotsa m'mapikapu akutha. Injinizi zinapangidwa zambirimbiri, kumeneko n'zotchipa, ndipo buloko yake yachitsulo imapirira. Ikaphulika, mwini wake amangokatola ina. Ife tilibe mulu wotere woti tikatolepo, choncho masamu athu ndi ena.

Mphamvu ya injini imachokera ku moto, ndipo moto umafuna mpweya. Petulo wolemera kilogalamu 1 amafuna mpweya wa makilogalamu 14.7 kuti apse bwino. Kuthira petulo wambiri n'kosavuta, chovuta ndi kulowetsa mpweya wokwanira m'silinda. Turbo, yomwe Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa mu 1905, ndi timapiko tiwiri tolumikizidwa ndi kamtengo kachitsulo kamodzi. Utsi wa mu ekizozi umazunguza mbali imodzi, mbali inayo imakankhira mpweya m'injini, ndipo kamtengoko kamazungulira kupitirira ka 100,000 pa mphindi. Mpweya wotizungulirawu uli ndi mphamvu ya pafupifupi bar 1 (bar ndi muyeso wa kupanikiza kwa mpweya). Turbo ikawonjezera bar 0.5, injini imalandira mpweya wowonjezera pafupifupi theka, ngakhale mphamvu yofika kumatayala imacheperapo pamenepo.

Vuto lili apa: mpweya ukapanikizidwa umatentha. Gwirani pampu ya njinga wakabaza atangomaliza kupopa tayala, mumva. Mpweya wotentha ukasakanikirana ndi petulo n'kupanikizidwanso ndi pisitoni, mbali ina imaphulika yokha moto wa pulagi usanaifike. Woyendetsa amangomva kaphokoso ka ngwe-ngwe-ngwe akaponda kwambiri pachitunda, mwinanso osamva kalikonse ngati sipika ili pamwamba. M'katimu zinthu zimakhala zikuphwanyika. Tikamasula injini yotere, pulagi imatuluka ili ndi timadontho tonyezimira ta aluminiyamu, ndipo pisitoni imakhala itabenthuka m'mphepete, pakati pa ring'i yoyamba ndi yachiwiri. Kachidutswa kobenthukako kamakhala katakanda kale khoma la silinda.

N'chifukwa chake injini zimene zinabadwa ndi turbo sizipanikiza kwambiri. Injini ya 2JZ-GTE ya Toyota Supra ndi Aristo imapanikiza 8.5:1, kutanthauza kuti pisitoni imafinyira mpweya pamalo ochepa ka 8.5, pamene 1NZ-FE ya malita 1.5, yomwe ili mu Probox, Sienta ndi Corolla zambiri, imapanikiza 10.5:1 ndipo makonirodi ake, zitsulo zimene zimagwira mapisitoni, ndi opyapyala chifukwa anaipangira kusunga mafuta. Ngakhale makampani aakulu anapsapo zala. Oldsmobile Jetfire ya 1962 inali ndi turbo pa injini yopanikiza 10.25:1, ndipo kuti isaphulitse petulo msanga inkafuna kathanki kena ka madzi osakaniza ndi methanol. Eni magalimoto ankaiwala kudzaza kathankiko, ndipo galimotoyo inangogulitsidwa zaka ziwiri basi.

Tsono onjezani nyengo yathu. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja kumatha kutentha kupitirira madigiri 35, ndipo tili m'munsi, pafupifupi mamita 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pamwamba pa mamita 1,000. Galimoto imene yatchunidwa ku Lilongwe m'mawa wozizira wa mu Juni ikatsika msewu wa M14 m'chilimwe imapeza mpweya wa mphamvu yochulukirapo komanso wotentha. Imene inkayenda bwinobwino kumtunda imayamba kulira isanafike ku Senga Bay.

Tili ndi mwayi umodzi umene anyamata ambiri saudziwa. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo fakitale ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za shuga kuyambira 1982. Ethanol sachedwa kuziziritsa mpweya ndipo saphulika msanga, moti anzathu a ku America amachita kusakasaka E85, mafuta omwe gawo lake lalikulu ndi ethanol. Komabe mphamvu yake pa lita imachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poyerekeza ndi petulo, ndiye pampu ndi mainjekitala (timipopi topopera petulo m'injini) ziyenera kutumiza mafuta ochulukirapo. Amadyanso mapaipi akale a labala ndipo amakoka madzi. Za mafuta a m'zigubu nthawi imene pafilingi siteshoni pauma, ndinene mosabisa: galimoto ya turbo ndi bwino ingoima. Parafini pang'ono chabe wosakanizidwamo ndi wokwanira kubowola pisitoni.

Munthu akandifunsa koyambira, turbo ndimaitchula kumapeto. Timayamba tayeza kompuresheni ya silinda iliyonse, ndipo zikasiyana kupitirira 10 pa 100 nkhani imathera pomwepo mpaka injini ikonzedwe. Kenako redieta, fani ndi femositati, kachipangizo kotsegulira madzi njira yopita ku redieta injini ikatentha. Chizolowezi chochotsa femositati poti "kuno n'kotentha" chawononga injini zambiri, chifukwa kompyuta ya galimoto imaona ngati injini sinatenthe ndipo imangothira mafuta osayenera. Zikatha izi m'pamene timalankhula za pampu ya petulo, mainjekitala akuluakulu, intercooler yoziziritsa mpweya usanalowe, ndi kompyuta yotheka kutchunidwa. Pamafunikanso geji yoonetsa kusakanikirana kwa mpweya ndi petulo. Turbo ikamakankha, nambala yake izikhala cha pa 11.5 mpaka 12, osati 14.7, pakuti petulo wowonjezerayo ndi amene amaziziritsa pisitoni.

Pali ntchito ina yaing'ono yosadya ndalama koma yodya nthawi. Ring'i ya pisitoni ili ndi kampata pomwe nsonga zake zimayang'anizana. Ikatentha imafutukuka, kampatako kakatsekeka nsonga zimagundana ndipo pisitoni imasweka. Omanga injini za turbo amalowetsa ring'i iliyonse m'silinda yake, kuyeza kampatako ndi timalata toyezera, n'kupala pang'onopang'ono ndi tupa mpaka katakula moyenera. Mavidiyo aja mbali imeneyi amaidumpha chifukwa siyosangalatsa kuonera. Chimodzimodzinso paipi yobweza oyilo kuchokera ku turbo: iyenera kutsetsereka molunjika kupita mu sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, ikapindika oyilo amabwerera n'kutulukira mu ekizozi ngati utsi wabuluu. Ndipo fyuluta yapoyera ija imene anyamata amaikonda chifukwa cha kulira kwake imangoyamwa mpweya wotentha wapansi pa boneti pamodzi ndi fumbi, lomwe limadya timapiko ta turbo.

Mukawerengera zonsezi, njira yotchipa nthawi zambiri imakhala kugula injini imene inatuluka kufakitale ili kale ndi turbo, pamodzi ndi mawaya, kompyuta ndi giyabokosi yake. 1JZ-GTE ya malita 2.5 ya mu Mark II ndi Chaser, kapena 4E-FTE ya malita 1.3 ya mu Starlet, zinapangidwira moto umenewo. Sienta ya giyabokosi ya CVT, yoyendera lamba m'malo mwa magiya, musaiyese n'komwe, lamba wake sangapirire.

Pa ndalama zomwezo patulanipo za mabuleki ndi matayala, chifukwa msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota mumagawana ndi akabaza, mbuzi ndi malole. Mukasintha injini, pitani nayo ku Road Traffic kuti nambala yake igwirizane ndi mapepala, ndipo a inshuwalansi auzeni musanachite ngozi, osati pambuyo pake.