Chithunzi cha Nebula Chimachita Kusonkhanitsidwa

Munthu amene akusuzumira mu telesikopu kwa nthawi yoyamba kuti aone nebula ya Orion kawirikawiri amakhumudwa, chifukwa amakhala ataona kale zithunzi za mtambo wofiira psuu, koma chimene diso lake limapeza ndi kautsi kotuwa kozungulira tinyenyezi tinayi. Telesikopuyo ilibe vuto. Maselo a m'diso amene amagwira ntchito mumdima sasiyanitsa mitundu, ndiponso diso silisunga kuwala kuti kuunjikane. Kamera imatha kusunga, ndipo luso lonse lojambula nebula lagona pamenepa.

Nebula ndi mtambo wa mpweya ndi fumbi umene uli pakati pa nyenyezi. Ya Orion, imene akatswiri amaitcha M42, ili pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija za Akamwiniatsatana, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 1,350 kuti kutifike. Henry Draper ndiye anayamba kuijambula mu 1880, atasiya kamera ikulandira kuwala kwa mphindi 51, ndipo mu 1883 Andrew Common anajambula chithunzi chimene chinaonetsa nyenyezi zimene diso silinkaziona pa telesikopu yomweyo.

Chovuta choyamba n'chakuti thambo silikhazikika. Chifukwa cha kuzungulira kwa dziko, nyenyezi zimasuntha madigiri 15 pa ola limodzi, choncho kamera yoima chilili imajambula timizere m'malo mwa timadontho. Pamafunika choimikira cha mota chimene chimatembenuza kamera pa liwiro lomwelo, ndipo chiyenera kulozetsedwa bwino kumene thambo limaoneka kuti likuzungulirira. Amene akuyamba kumene ndimawalangiza kuti ndalama zawo zithere pa choimikira chimenechi asanaganize za telesikopu yaikulu, popeza lenzi wamba pa choimikira chabwino imatulutsa chithunzi choposa cha telesikopu yodula imene ikugwedera.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, chithunzi chimodzi cha mphindi ziwiri chimatuluka chodzaza timadontho tonga mchenga, timene ojambula amatitcha noise. Tina timabwera chifukwa cha kutentha kwa sensa, kachipangizo ka m'kamera kamene kamalandira kuwala, koma tambiri timabwera chifukwa chakuti kuwala kwenikweniko kumafika modumphadumpha, ngati madontho oyamba a mvula pabwalo louma, pena pochuluka pena popanda kanthu. Mankhwala ake ndi kujambula malo omwewo kambirimbiri kenako n'kusanjikiza zithunzizo pa kompyuta. Nebula imakhala pamalo amodzimodzi m'chithunzi chilichonse, pamene timadontho timagwera paliponse mwachisawawa, motero posanjikiza nebula imalimba ndipo timadontho timafafanizana. Masamu ake ndi ouma mtima ndithu. Zithunzi 4 zimayeretsa kawiri poyerekeza ndi chimodzi, zithunzi 16 zimayeretsa kanayi, ndipo kuti munthu ayeretse kakhumi ayenera kujambula zithunzi 100. N'chifukwa chake wojambula amatha kukhala pa nebula imodzi usiku utatu kapena unayi. Mapulogalamu monga Siril, DeepSkyStacker ndi PixInsight ndi amene amalunjikitsa nyenyezi za m'zithunzi zonse, ndipo akapeza mzere wa setilaiti kapena ndege m'chithunzi chimodzi chokha amautaya.

Pali zithunzi zinanso zimene zilibe nyenyezi ngakhale imodzi koma n'zofunika. Zotchedwa dark zimajambulidwa lenzi itavundikiridwa, kwa nthawi yofanana komanso pa kutentha kofanana ndi zithunzi za nebula, kuti kompyuta idziwe zolakwika za sensa n'kuzichotsa. Zotchedwa flat zimajambulidwa poloza kamera pa kuwala kosalala, ndipo zimaonetsa mdima wa m'makona komanso fumbi, limene m'chithunzi limaoneka ngati timphete takuda. Ine ndinaphunzira kufunika kwake movutikira. Usiku wina ndinamasula kamera ndisanajambule ma flat, ndipo mmene ndinkaibwezera m'mawa kafumbi kanali katasuntha pang'ono, moti kompyuta inachotsa mphete pamene panalibe n'kusiya ina pakati penipeni pa nebula.

Zonse zikasanjikizidwa, chotsatira chake chimadabwitsa anthu ambiri, pakuti chithunzicho chimaoneka chakuda bii, kupatula nyenyezi zochepa zowala. Nebulayo imakhala ilimo, koma kuwala kwake kumakhala kochepa kwambiri poyerekeza ndi kwa nyenyezi. Wojambula amakweza pang'onopang'ono mbali zofookazo kwinaku akugwira zowala kuti zisapse, ndipo ntchitoyi amaitcha kutambasula. Orion imavuta pamenepa chifukwa pakati pake, pamene pali nyenyezi zinayi za Trapezium, pamayera mbee msanga, choncho ambiri amajambula padera zithunzi za masekondi ochepa kuti aphatikize ndi zazitali zija. Chizindikiro cha dzanja losazolowera ndi thambo lodetsedwa mpaka kukhala ngati makala, chifukwa m'kuda kumeneko mumatayika fumbi lofooka limene munthu anachezera usiku wonse kulisonkhanitsa.

Anthu amandifunsa ngati mitundu ya m'zithunzizi ili yeniyeni. Kufiira kwa nebula zambiri n'kwenikweni, ndipo kumachokera ku haidrojeni, imene imawala pa mananomita 656 (mananomita amayeza utali wa mafunde a kuwala, ndipo mtundu uliwonse uli ndi utali wake). Okosijeni imawala pa 501, mtundu wa pakati pa kubiriwira kwa msipu ndi kwa thambo, pamene sulufule imawala pa 672. Pali mafyuluta amene amalola kuwala kumodzi kokha mwa mitundu imeneyi kudutsa, ndipo amathandiza kwambiri amene akujambula m'mizinda yowala magetsi kapena mwezi uli kumwamba. Komabe popeza haidrojeni ndi sulufule zonse n'zofiira, ojambula ambiri amatsatira njira imene inatchuka ndi chithunzi cha telesikopu ya Hubble cha mu 1995 choonetsa mizati ya mpweya ya mu nebula ya M16, yopatsa sulufule mtundu wofiira, haidrojeni wobiriwira ngati msipu, ndi okosijeni wabuluu. Chithunzi chotero chimasonyeza pamene mpweya uliwonse uli, osati mmene diso likanaonera, ndipo palibe cholakwika malinga ngati wojambula wanena zimene wachita.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zida zatsopano zosalaza timadontho ndi kunola chithunzi, zimene zikagwiritsidwa ntchito mopyola muyeso zimatulutsa timitsitsi ndi timakwinya tokongola timene kumwamba kulibe. Ndikamaliza kukonza chithunzi ndimachiika pambali pa chosanjikizidwa chija, chongotambasulidwa popanda kusalaza, n'kuyang'ana kamzere kalikonse kamene kandisangalatsa, ndipo kakapanda kuoneka ngakhale mwachizimezime m'choyambacho ndimabwerera m'mbuyo n'kuchepetsa mphamvu ya chidacho.